Nyali zouluka pa ukwati: zikakwera, zikatera kuti?

Amayi, mwa zachilendo zimene ana athu akuona pa foni n'kuyamba kuzifuna pa maukwati awo, pali chimodzi choti tichidziwe bwino chisanatipeze pa msonkhano wa komiti ya ukwati. Ndi nyali zamapepala zouluka, zimene ogulitsa amazitchula kuti sky lanterns, ena amati Chinese lanterns. Mwina munaziona kale pa kanema kapena pa Facebook ndi TikTok. Kunja kwada, mkwati ndi mkwatibwi agwirizira chinthu chonga thumba lalikulu la pepala, kunsi kwake kukuyaka moto, kenako achisiya ndipo chikukwera chokha. Alendo nawo akuulutsa zawo, makumi angapo nthawi imodzi, mpaka kumwamba konse kuli waliwali ngati nyenyezi zatsikira pafupi. Ena amayamba alembapo mafuno abwino kapena pemphero la banja latsopanolo.

Kukongola kokha sitingatsutse, ndipo amene angakuuzeni kuti n'zosakongola ndiye kuti sanazione. Koma wojambula amajambula nyali ikukwera, saitsatira kuti akaone kumene yakatera. Inu ndi amene mumakhala m'makomiti a maukwati, ndinu alangizi, azakhali ndi amayi a akwati, ndipo mukayankhula anthu amamva. Ndinunso amene mumakagona pansi m'chipatala kudikirira wodwala zinthu zikalakwika. Ndiye ndi bwino mudziwe kuti chinthuchi n'chiyani, chinachita zotani kwa anzathu a maiko ena, komanso chingachite zotani kuno kwathu.

Mmene imaulukira

Nyaliyi ilibe chinsinsi. Ndi thumba la pepala lopyapyala kwambiri, kutalika kwake pafupifupi mita imodzi, lotseguka kunsi kokha. Kukamwa kwake kuli mkombero wa nsungwi, ndipo pakati pa mkomberowo padutsa timawaya tiwiri topingasana. Pamene tapingasanapo amangirirapo kansalu kapena kapepala kochindikala konyikidwa mu phula ngati la kandulo. Mukayatsa kameneka, mpweya wa m'thumba umatentha. Mpweya wotentha umapepuka kuposa wozizira, n'chifukwa chake utsi wa pamafuwa umakwera m'mwamba. Thumba likadzaza mpweya wotenthawo limayamba kukoka m'manja mwanu, mukalisiya basi lapita.

Kuchokera pamenepo palibe amene akuliwongolera. Lilibe chingwe, lilibe chiwongolero, ndipo simungalizimitse. Motowo umatha kuyaka mphindi 5, nthawi zina mpaka 20, ndipo pa nthawi imeneyi nyali imakwera mamita mazanamazana n'kuyenda makilomita angapo kulikonse kumene mphepo yalowera. Tinene mosapsatira: munthu amene waulutsa nyali yotere watenga moto woyaka n'kuupatsa mphepo kuti ikautule kumene ikufuna.

Wogulitsa adzakuuzani kuti nyali imatsika pokhapokha moto ukazima, choncho imatera itazizira. Zimatero pamene zonse zayenda bwino. Koma mphepo ikaiwomba cham'mbali imapendekeka, lawi limanyambita pepala, ndipo yonse imagwa ili chiyakire. Pepala likakhala ndi kabowo, mwina linang'ambika pofunyulula, mpweya wotentha umathawirapo ndipo nyali imatsika moto usanathe. Ina imakwera pang'ono chabe n'kukodwa mu mtengo wa mango, pa mawaya a magetsi kapena pa denga la nyumba yoyandikana nayo, n'kumayaka pomwepo anthu akungoiyang'ana, osaifikira. Ngakhale imene yazima lawi, kansalu kaphula kaja kamatha kutera kakadali ndi khala. Phula lotentha limadonthanso nyali ikudutsa pamitu pa anthu.

Pa mapaketi ambiri amalembapo kuti musaulutse ngati mphepo ikuthamanga kuposa makilomita 8 pa ola. Imeneyi ndi kamphepo kongogwedeza masamba, kamene ambirife sitingakatchule n'komwe kuti mphepo. Komanso bata la pabwalo la ukwati, lotchingidwa ndi nyumba ndi mitengo, silikuuzani mmene kulili pamwamba pa mitengoyo.

Kumene zinachokera

Nyalizi n'zakale kwambiri ku China. Kumeneko amazitchula dzina la Kongming, katswiri wa nkhondo wodziwikanso kuti Zhuge Liang, amene anakhala ndi moyo kuyambira chaka cha 181 mpaka 234. Nkhani yomwe amasimba imati iye anaulutsa nyali yotere popempha thandizo atazingidwa ndi adani. Ku Pingxi, dera lamapiri la ku Taiwan, anthu ankathawira m'mapiri achifwamba akabwera, ndipo otsala m'mudzi ankaulutsa nyali powadziwitsa kuti kwayera, abwerere. Lero kumeneko kumachitika chikondwerero chachikulu chaka ndi chaka. Kumpoto kwa Thailand, makamaka mumzinda wa Chiang Mai, amaziulutsa zikwizikwi pa chikondwerero cha Yi Peng, chimene kawirikawiri chimachitika mu Novembala.

Pali chinthu chimodzi chimene zithunzi zokongola zija sizionetsa. Pingxi ndi dera la mvula yambiri, lachinyontho pafupifupi chaka chonse, ndipo Yi Peng imabwera mvula ya kumeneko itangotha kumene, tchire likadali laliwisi. Ngakhale zili choncho, sikuti amangochita mwachisawawa. Ku Chiang Mai akuluakulu a boma amaika malo ndi maola oulutsira, ndipo maulendo ambiri a ndege amaimitsidwa kapena kusinthidwa nthawi pa masiku amenewo. Ku Pingxi anthu amalowa m'mapiri kukatolera zotsalira za nyali n'kulandirapo kangachepe. Mwambowu utasamukira ku maukwati a ku Ulaya ndi America, kunapita nyali zokha. Nyengo yachinyontho ndi malamulo ake zinatsala.

Zimene zinachitikira anzathu

Usiku wolowera chaka cha 2020, mumzinda wa Krefeld ku Germany, mayi wina wa zaka 60 ndi ana ake aakazi awiri, akuluakulu onse, anaulutsa nyali zisanu zimene anagula pa intaneti. Analembapo mafuno abwino a chaka chatsopano. Imodzi inakatera pa denga la nyumba ya anyani kumalo osungirako nyama a mumzindawo. Nyumba yonse inapsa, ndipo nyama zoposa 30 zinafera momwemo, kuphatikizapo anyani akuluakulu osowa a mtundu wa orangutan asanu ndi a gorilla awiri. Amayiwo atamva pa nkhani anapita okha kupolisi kukadzipereka. Ndimaikumbukira nkhaniyi chifukwa sanali anyamata oledzera kapena anthu a mtima woipa. Anali mayi ndi ana ake, ngati inu ndi ana anu, akufunira zabwino chaka chimene chikubwera. Sankadziwa kuti m'chigawo chawo nyalizi zinaletsedwa kale mu 2009, chaka chimene mnyamata wa zaka 10 anafa mumzinda wa Siegen nyumba itapsa ndi moto wa nyali yomweyi.

Ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham ku England, nyali imodzi inagwera pa malo osungirapo mapulasitiki akale pakati pa chaka cha 2013. Makamera a pamalopo anaijambula ikutera. Panapsa matani 100,000 a katundu, zowonongeka zinakwana mapaundi 6 miliyoni, ndipo panafunika ozimitsa moto oposa 200. Mu Okutobala 2018, ku Goyang m'dziko la South Korea, wantchito wina anatola nyali imene inagwa kuchokera ku mwambo wa pa sukulu ina yapafupi, n'kuiyatsanso mongosewera. Inakagwera pa udzu pafupi ndi thanki yaikulu ya petulo, udzu unayaka, thanki inaphulika, ndipo moto unatenga maola 17 kuti uzime.

N'chifukwa chake maiko ambiri anachitapo kanthu. Australia inaletsa kugulitsa nyalizi mu 2011. Ku Wales makhonsolo onse 22 analetsa kuziulutsa pa malo a khonsolo. Ku Brazil, kumene anthu ankakonda kuulutsa zazikulu pa zikondwerero za Yohane Woyera M'batizi mu Juni, lamulo la chaka cha 1998 limati wopanga, wogulitsa, wonyamula kapena woulutsa angathe kukakhala kundende chaka chimodzi mpaka zitatu. Onani kuti ena mwa maiko amenewa ali ndi magalimoto ozimitsa moto pafupifupi m'tauni iliyonse, nyumba zawo zambiri n'zofolera ndi matailosi kapena malata, ndipo anthu ambiri ali ndi inshuwalansi. Ndi zonsezo anaona kuti sangakwanitse.

Nanga kuno kwathu

Tsopano ganizirani nthawi imene maukwati amachuluka kwathu kuno. Ndi m'chilimwe, anthu atakolola n'kugulitsa mbewu, misewu itauma, kuyambira cha mu Julayi mpaka mvula isanagwe. Ndi miyezi yomweyo imene udzu wauma gwa, mphepo ya mwera ikuwomba, kenako n'kubwera kutentha kwa Okutobala ndi akamvuluvulu ake. Ndi nthawi imene nkhokwe zili zodzaza, mitolo ya udzu wofolera yatsamiritsidwa pa mitengo kudikira kukwera padenga, mapesi ali mbwee m'minda, ndipo nkhuni zootchera njerwa zaunjikidwa pafupi ndi uvuni. Chilichonse chimene banja ladalira kuti lidye mpaka kukolola kwina chili panja, chouma.

Denga la udzu silifuna moto wambiri. Kakhala kamodzi kakagwera pamwamba kamalowa m'kati mwa udzu n'kumanyeka mwakachetechete, ndipo ambiri masiku ano timayala pepala la pulasitiki pansi pa udzuwo, limene likagwira moto limasungunuka n'kumadonthera ogona m'nyumba. Nyalizi zimaulutsidwa usiku, chifukwa masana sizioneka. Ndiye kuti pa nthawi imene ikutera, eni nyumba ali m'tulo, kapena akuluakulu ali ku ukwati komweko, m'nyumba mwatsala agogo ndi ana aang'ono, chitseko chokhoma. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo nyumba imodzi ikayaka pamudzi pamene nyumba, makhitchini, nkhokwe ndi makola zili mothithikana, madzi a m'ndowa sachita kanthu.

Musaganize kuti a m'tauni apulumuka chifukwa cha malata. Misika yathu ndi ya matabwa, makatoni ndi mapepala apulasitiki, ndipo tonse tamvapo za misika imene inapsa usiku umodzi amalonda n'kutsala manja ali m'khosi. Mafuta akasowa anthu amasunga petulo m'zigubu kuseri kwa nyumba. Maholo ambiri a maukwati ali pafupi ndi malo omwetsera mafuta, ndipo malo ena amakono ochitirako madyerero ndi ofolera ndi udzu dala kuti akongole. Amene muli pafupi ndi Chileka kapena Lumbadzi mukumbukirenso ndege, chifukwa nyali yokhala ndi waya ikhoza kulowa mu injini kapena kusokoneza woyendetsa pamene akutera. Amene muli m'mphepete mwa nkhalango monga Chikangawa, Dzalanyama kapena phiri la Zomba mukudziwa kale zimene moto wolusa umachita ku mitengo imene yatenga zaka 20 kuti ikule, ndipo malamulo a za nkhalango amaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa. Galimoto zozimitsa moto zimapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu. Kumudzi, ozimitsa moto ndinu nomwe ndi ndowa zanu.

Ndiye pali funso limene komiti iliyonse iyenera kudzifunsa isanavomere. Nkhokwe ya mayi wamasiye wa mudzi wachitatu kuchokera pa ukwati ikapsa, adzalipira ndani? Nyali ilibe dzina la mwini, koma m'dera lonselo usiku umenewo ukwati woulutsa moto unali umodzi wokha, ndipo aliyense akuudziwa. Banja latsopano lingayambe moyo wake ndi mlandu kwa amfumu kapena kupolisi, ndi chidani cha anthu amene lidzakhala nawo moyandikana zaka zonse.

Ngozi ya pabwalo pomwepo

Ngozi ina sidikira kuti nyali ipite kutali. Kuyatsa nyali imodzi kumafuna anthu awiri, wina kugwira pepala m'mwamba, wina kuyatsa kunsi, ndipo amayenera kuigwirabe mphindi imodzi kapena ziwiri kuti idzaze mpweya. Pa ukwati anthu amakhala othithikana, ena alawako, ana akuthamangathamanga pakati pa miyendo ya akuluakulu, ndipo ambiri sanayambe aigwirapo nyali yotere. Wina amaisiya msanga isanadzaze, ndipo m'malo mokwera imayenda cham'mbali pa msinkhu wa nkhope za anthu, kulunjika ku tenti ndi nsalu zokongoletsera.

Taganizirani zimene mkwatibwi wavala. Diresi laukwati, velo ndi madiresi a operekeza kawirikawiri zimasokedwa ndi nsalu za nayiloni ndi poliyesitala. Nsalu zimenezi zikagwira moto zimasungunuka ngati jumbo n'kumatirira pakhungu, ndipo bala lake limalowa m'kati kuposa la nsalu ya thonje. Mawigi ndi tsitsi loikirira lambiri ndi la pulasitiki, ndipo mafuta ndi mankhwala opopera m'tsitsi amayaka msanga. Mkwatibwi ndiye amene amaimikidwa pakati, atagwira nyali yaikulu kuposa zonse, velo ikuuluzika ndi mphepo, kuti chithunzi chikongole. Pa anthu onse a pabwalopo, amene wavala zoyaka msanga ndi amene timamuika pafupi kwambiri ndi lawi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ochuluka zedi ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Amene munadikirirapo wodwala ku wodi ya opsa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe mukudziwa kuti bala la moto si la sabata imodzi. Ndi miyezi ya kutsuka mabala, nthawi zina maopaleshoni osamutsa khungu, ndipo likapola limatha kukoka chala, chigongono kapena khosi mpaka osawongokanso.

Ziweto nazo

Nyali imene yatera bwinobwino osatentha kanthu sinathe ntchito yake yoipa. Pepala limawola ndi mvula yoyamba, koma waya amatsala m'munda kapena kudambo. Ng'ombe sisankha pakudya, imangokokera udzu ndi lilime n'kumeza, waya ndi zonse. Kachidutswa ka waya kamakakhala m'chifu, kenako kamaboola n'kulasa ziwalo zoyandikana nazo, nthawi zina mpaka thumba la mtima. Ng'ombe imayamba kuwonda, kusiya kudya, kuyenda mopindika msana, mwini wake osadziwa chimene chalowa. Alimi a ku Britain akhala akudandaula za imfa zotere kwa zaka zambiri, ndipo bungwe lawo la NFU pamodzi ndi bungwe loteteza nyama la RSPCA akhala akupempha boma kuti liletseretu nyalizi. Mbuzi, nkhuku ndi mbalame zimakodwa miyendo m'mkombero, ndipo mwana woyenda wopanda nsapato akhoza kuuponda.

Ogulitsa ena amati zawo n'zamakono, zopanda waya, zowola zokha, zapepala losagwira moto. N'zoona kuti zina amamangira ndi chingwe m'malo mwa waya. Koma nsungwi imatenga nthawi yaitali kuti iwole ndipo ikathyoka imabaya. Pepala lopakidwa mankhwala limangochedwa kuyaka, ndipo ngakhale litapanda kuyaka n'komwe, chimene chimatentha denga ndi kansalu kaphula kaja, kamene nyali iliyonse iyenera kukhala nako kuti iuluke. Palibe nyali youluka yopanda moto.

Wina akapsa

Kaya ndi pa ukwati, kukhitchini kapena pa mbaula, izi n'zofunika kuti mayi aliyense azidziwe. Zovala zikagwira moto munthu amafuna kuthamanga, ndipo kuthamanga kumakoleza moto. Mugwetseni pansi, mum'gubuduze, kapena mum'funde bulangete lochindikala kapena chitenje chathonje chonyowa. Musam'funde nsalu yoterera ya nayiloni. Moto ukazima, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu. Ngati palibe mpopi, tungani m'ndowa ndi kapu n'kumathira mosalekeza, wina akuthamangira ku mjigo. Mphindi 20 zimaoneka zambiri munthu akulira, koma khungu limapitiriza kupsa m'kati ngakhale lawi litazima, ndipo madziwo ndi amene amachepetsa kuzama kwa bala. Madzi oundana a m'firiji ayi, amawononga khungu. Ngati ndi mwana, m'fundeni mbali zina za thupi kuti asazizidwe.

Vulani mphete, zibangili ndi wotchi msanga malowo asanatupe, ndipo pa ukwati musachite manyazi kuvula mphete imene yangovekedwa kumene. Nsalu imene yamatirira pakhungu musaimatule, dulani mozungulira n'kuisiya. Matuza musaboole. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, ufa, mchere, dothi kapena ndowe. Ndikudziwa kuti pagulu sipalephera munthu wolimbikira kuti dzira limathandiza, koma zinthu zimenezi zimatsekera kutentha m'kati, zimalowetsa tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata, ndipo achipatala amayamba azikanda kuti aone bala, wodwala akumva ululu. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa bwino, yopanda ubweya, osamanga mothina.

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena molumikizira mafupa, ngati wapsayo ndi mwana, nkhalamba kapena mayi woyembekezera, komanso ngati wapuma utsi wambiri kapena mawu asasa. Bala looneka loyera kapena lakuda koma losapweteka lisakunamizeni kuti ndi laling'ono. Limeneli ndiye lozama, lapsereza ndi mitsempha yomvera ululu. Ngati wodwala ali maso ndipo akutha kumeza, muzim'patsa madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono muli pa ulendo, chifukwa thupi lopsa limataya madzi ambiri.

Poyankhula ndi akwati

Mwana akabwera ndi chithunzi pa foni n'kunena kuti amayi, ine ndikufuna zimenezi, kum'kalipira kuti wayamba zachizungu sikungathandize. Chimene akufuna si moto ayi. Akufuna mphindi imodzi yoti anthu onse achite chinthu limodzi, kukhale kuwala, ndipo patsale chithunzi choti adzaonetse ana ake. Zimenezo n'zabwino ndipo zingatheke. M'funseni modekha kuti, mwanangu, mphepo ya madzulo kuno imalowera kuti, ndipo kumeneko kuli nyumba za yani? Akazitchula yekha mayina, nkhani imakhala yatha. Muuzeninso za mayi wa ku Krefeld ndi ana ake aja.

Nkhaniyi ikambidwe msanga, pa misonkhano yoyambirira ya komiti, ndipo ankhoswe a mbali zonse aidziwe. Nthawi zambiri zinthu zotere zimabwera ngati chodzidzimutsa: mnzake wa mkwatibwi, wokongoletsa malo, kapena mlongo wake amene ali ku Joni kapena ku Britain watumiza katoni, ndipo anthu amangozindikira woyendetsa mwambo akulengeza kuti tonse titulukire panja. Apo kuletsa kumakhala kovuta, chifukwa palibe amene amafuna kuoneka wowononga chisangalalo. Wokongoletsa ndi woyendetsa mwambo auzidwiretu kuti palibe choyaka chimene chiuluke. Ngati madyerero akuchitikira mu holo ya parishi kapena pabwalo la sukulu, ndi bwino amayi mupemphe komiti yoyang'anira malowo kuti ilembe lamuloli pa pepala lobwerekera holo, kuti mtolo wokana usagwere munthu mmodzi.

Zolowa m'malo zilipo, zotsika mtengonso. Magetsi ang'onoang'ono a pachingwe, oyendera mabatire kapena dzuwa, amakongoletsa mitengo ndi tenti usiku wonse, ndipo gulu lanu likhoza kugula kamodzi n'kumabwereketsa pa maukwati ena, kathumba ka bungwe n'kumakula. Pofuna mphindi ija ya kuwala, zimitsani magetsi a mu holo, aliyense ayatse tochi ya pa foni n'kuikweza m'mwamba, amayi mukuimba ndi kululutira pamene akwati akudutsa pakati. Pa chithunzi zimaoneka ngati nyenyezi zomwezo. Ana apatseni madzi a sopo aziuzira thovu. Mafuno abwino aja alembedwe m'buku kapena pa nsalu yoyera imene akwati akasunge, m'malo mokagwera m'munda mwa munthu. Ena amasankha kubzala mtengo wa zipatso pakhomo la banja latsopano. Ukwati ukakhala wa m'chilimwe, mbande ikhoza kuperekedwa pa tsikulo ili m'chubu, n'kudzaibzala mvula ikagwa. Zibaluni zouluka zokha musaziyese njira yabwino, chifukwa nazonso zimakagwa kwina n'kumezedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe, ndipo zonyezimira zija zikakhudza mawaya a magetsi zimathetheka.

Nanga ngati katoni yafika kale, ndalama zapita? Musaigulitse kwa ena kapena kupatsa ana kuti akaseweretse, chifukwa adzakayatsira kuseri kwa nyumba. Tengani sizasi kapena pulayala, mudule timawaya n'kuchotsa kansalu kaphula pa nyali iliyonse. Thumba la pepala lotsalalo limangirireni pa chingwe chodutsa pabwalo, m'kati mwake mulendewetsemo katochi kakang'ono ka mabatire, ndipo lidzawala mofanana ndi pa chithunzi chija kuyambira madzulo mpaka alendo atabalalika. Timawaya tisonkhanitseni m'chitini n'kukataya m'chimbudzi chokumba, kumene chiweto sichingafike. Tinsalu taphula tija sungani kukhitchini, patali ndi ana, muzikolezera mbaula.